Ankapambana zingwe zisanakwere

Tsiku loyamba kumva phokoso lija ndinayesa kuti penapake akugwetsa nyumba. Linali Lolemba madzulo, ndili kukhitchini ndikulongedza kamba wa ku ntchito ya usiku. Chinthu chinabangula kwa mphindi imodzi, kenako zii. Patapita kanthawi chinayambiranso, mphindi imodzi, zii. Nditatuluka panja ndinapeza aneba anga ataima pampanda, mutu atapendeketsa ngati munthu womvetsera ng'oma ya kutali. Ndinawafunsa kuti kodi kukuchitika chiyani. Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti mvula imachokera kuti. "Iwe, wakhala ku Gorton kuno zaka ziwiri, Aces suwadziwa?"

Aneba angawa ndi achikulire a zaka zopitirira 70, anapuma pa ntchito yokonza mabasi, ndipo mayi a kunyumba kwawo anatisiya kale. Kufikira tsiku limenelo ubale wathu unali wa moni ndi kutulutsirana mabini basi. Lolemba lotsatira ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, tinayenda wapansi mpaka pa Kirkmanshulme Lane, pamene pali National Speedway Stadium, kwawo kwa Belle Vue Aces, timu ya mpikisano wa njinga zamoto wotchedwa speedway, kuno ku Manchester. Bwaloli linatsegulidwa mu 2016, koma achikulirewo amalitchabe "latsopano lija" akukweza mphuno pang'ono, chifukwa kwa iwo bwalo lenileni linali la pa Hyde Road, limene linatsekedwa mu 1987.

Chinayamba kundilandira ndi fungo. Njinga za speedway sizimwa petulo, zimamwa methanol, ndipo utsi wake ukasakanikirana ndi mafuta a nsatsi amene ena amathira mu injini, pamakhala kafungo kotsekemera kokakamira m'zovala. Kenako achikulire anayamba kundilozera. Njingayi ilibe mabuleki. Ndinaseka, ndimayesa nthabwala, koma ayi ndithu, ilibe. Giya ndi imodzi. Injini ndi ya 500cc, silinda imodzi. Okwera amakhala anayi, ovala zisoti za mitundu inayi, chofiira, chabuluu, choyera ndi chachikasu, ndipo amazungulira bwalo kanayi, kukhotera kumanzere kokhakokha. Akafika pakona sachepetsa liwiro monga tichitira ife pamsewu. Amaiponya njinga cham'mbali, tayala lakumbuyo n'kumaterereka likulavula dothi, lakutsogolo litaloza kumene sakupita, phazi lamanzere lovala nsapato yachitsulo likukhwekhwereza pansi. Woyamba amatenga mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, womaliza amabwerera chimanjamanja. Zonsezi zimatha mu mphindi imodzi, mwinanso osakwana.

Usiku umenewo panali mipikisano 15, ndipo achikulire ankalemba zotsatira za uliwonse m'kabuku ka pologalamu ndi cholembera chomwe anachimangirira kachingwe. Pobwerera ndinawauza chilungamo. Ndinati masewerawa ndi oopsa ndithu, koma kangapo konse amene anatsogola pakona yoyamba ndi amenenso anapambana, ndiye kuzungulira kwina katatu kuja kunali kwa chiyani? Anaima pansi pa getsi la mumsewu n'kuseka mpaka kutsokomola. "Ukudandaula zimenezo? Ukanamuona Mauger bwenzi utafuna akubwezere ndalama yako."

Dzinali limalembedwa Ivan Mauger koma potchula limamveka ngati Major, udindo wa usilikali uja. Ndinalilakwitsa kwa mwezi wathunthu. Loweruka lake achikulire anandiitanira tiyi, anatsitsa chitini cha mabisiketi chodzaza ndi mapologalamu akale achikasu, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikutolatola mbiri ya munthu ameneyu, ina kwa iwo, ina m'mavidiyo akale a pa intaneti amene ndimaonera nthawi yopuma ku ntchito.

Mauger anabadwira ku Christchurch, New Zealand, pa 4 October 1939. Iye asanatchuke, mzinda umenewu unali utatulutsa kale akatswiri awiri, Ronnie Moore ndi Barry Briggs, onse okwerera timu ya Wimbledon ku London. Moore anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1954, Briggs mu 1957. Mnyamata wa ku Christchurch wokonda njinga sakanalota za kwina. Choncho mu 1957, ali ndi zaka 17 zokha, atakwatira kale mtsikana wamng'ono ngati iye yemwe, anakwera sitima ya pamadzi kubwera ku England kudzalowa Wimbledon.

Zinakanika. Anthu olemba mbiri yake amakonda kudumpha gawo limeneli mwachangu kuti akafike pa zikho, koma ine ndi pamene ndimachedwa. Timu inali yodzaza ndi akatswiri, iye mwana wosadziwika, njinga yake yosalongosoka, ndalama yogulira ina palibe. Kuti apeze chakudya ankagwira ntchito za pabwalo la timuyo, Plough Lane, bwalo lomwelo limene anabwerera kudzaomberedwa m'manja. Taganizani kusamalira bwalo masana kuti madzulo anzako a kumudzi kwanu adzawalirepo. Mpata wokwera unkapezeka mwa apo ndi apo, ndipo akaupeza sankaonetsa chachilendo. Itatha nyengo ya 1958 analongedza n'kubwerera kwawo. Ndinawafunsa achikulire ngati panali wina amene anaona kuti mwanayu adzakhala kanthu. Anapukusa mutu. "Palibe ndi mmodzi yemwe anazindikira kuti wachoka."

Sindibisa, nkhani imeneyi inandikhudza pa chifukwa changa. Zaka zanga ziwiri zoyamba kuno zinali za mtundu womwewo, mapepala a sukulu ali m'chikwama, ine ndikunyamula makatoni usiku, ndipo kangapo ndinatsegula foni kuyang'ana mtengo wa tikiti yobwerera. Koma ndisadzikometse. Ine sindinabwerere, ndipo sindinakhale katswiri wa chilichonse. Iye anabwerera, n'kukakhala zaka zinayi akukwera ku New Zealand ndi ku Australia, kutali ndi maso a anthu a ku England. Ku Adelaide anakumana ndi Jack Young, amene anali katswiri wa dziko lonse mu 1951 ndi 1952, ndipo mkuluyo anamuphunzitsa zambiri. Mmene ndimaonera ine, Mauger amene dziko linadzamudziwa anaumbidwa m'zaka zimenezi, pamene anakhala pansi n'kuwerengera chimodzichimodzi zonse zimene zinamugwetsa ku London, n'kutsimikiza kuti sizidzamupezanso ali wosakonzeka.

Mu 1963 Mike Parker, amene ankayendetsa timu ya Newcastle Diamonds, anamuitana. Sinali ligi yapamwamba, inali Provincial League, yachiwiri. Munthu amene analawapo Wimbledon akanatha kunyinyirika, koma iye anayambira pomwepo. Anatenga chikho cha wokwera wopambana onse mu ligiyo mu 1963, anabwerezanso mu 1964, chaka chimene Newcastle inatenganso ligi. Maligi awiri aja ataphatikizidwa mu 1965 kukhala British League, anapezeka ali pakati pa akuluakulu, tsopano ali wokhwima. Mu 1966 anafika koyamba mu fainolo ya dziko lonse n'kukhala wachinayi. Mu 1967 wachitatu. Mu 1968, pa bwalo la Ullevi ku Gothenburg, Sweden, anapambana mipikisano yake yonse isanu.

Apa ndifotokoze mmene fainolo inkayendera nthawi imeneyo, chifukwa kuyambira 1995 zinasintha, masiku ano kuli Grand Prix, mipikisano yambiri m'mayiko osiyanasiyana n'kuphatikiza mapointi a chaka chonse. Kale ukatswiri unkagamulidwa tsiku limodzi. Okwera 16, mipikisano 20, aliyense kukwera kasanu ndi kukumana ndi mnzake aliyense kamodzi. Wopambana yonse amapeza mapointi 15. Ndiye kuti ntchito ya chaka chonse inkapachikidwa pa mphindi zisanu. Tcheni chikaduka kamodzi, injini ikatsamwa kamodzi, ukachedwa kunyamuka kamodzi, dikira chaka chamawa. M'dongosolo lankhanza chotero Mauger anafika mu fainolo zaka 14 zotsatizana, kuyambira 1966 mpaka 1979, ndipo anapambana kasanu ndi kamodzi.

Chinsinsi chake chinali pa zingwe. Poyambira pamakhala zingwe zoyera zopingasa bwalo, okwera anayi amandanda kumbuyo kwake, aliyense m'kagawo kake, woyamba mkati, wachinayi kufupi ndi mpanda. Woyimbira akadina batani zingwe zimathamangira m'mwamba, onse n'kutaya kilatchi. Asanandande mudzawaona akutsika pa njinga n'kumapalasa dothi ndi chidendene ngati nkhuku, kukonza kamzere koti tayala lakumbuyo ligwire bwino. Ndinkayesa mwambo chabe. Achikulire anandiuza kuti mpikisano umayambira pomwepo, ndipo Mauger ankauyamba kale kuposa pamenepo. Ankayang'anitsitsa kuti ndi kagawo kati kamene kakutulutsa opambana usiku umenewo. Ankadziwa chizolowezi cha woyimbira aliyense, wofulumira kudina ndi wochedwa. Kilatchi ankaisamala ngati mwana wakhanda. Ankasunga m'mabuku za bwalo lililonse, kuti dothi linali lotani ndipo anamanga giya ya mano angati.

Panalinso ukathyali, tisanamizane. Nthawi imeneyo malamulo ankalola kugunda zingwe bola osazidula, ndiye okwera ankasunthira kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, kusunthanso, kufuna kuti zingwe zikwere iwo akuyenda kale. Mauger anali mphunzitsi wa zimenezi. Ankatha kuchedwetsa dala, kubwerera, kukonza magalasi, mpaka mnzake wa pambali mtima utakwera, kilatchi itatentha, kenako iye ulendo. Masiku ano ukangokhudza zingwe walakwa, mu ligi ya kuno umachotsedwa kapena kukayambira mamita 15 kumbuyo. Ndinawafunsa achikulire ngati Mauger akanapambana ndi malamulo a lero. Anati akanakhala pansi sabata imodzi, kuwerenga lamulolo mpaka kulipeza pofooka.

Anabwera ku Belle Vue mu 1969, ndipo apa ndi pamene nkhani imasanduka ya achikulire eni ake, chifukwa ankamuona ndi maso awo Loweruka lililonse pa Hyde Road. Chaka chimenecho anatetezanso ukatswiri wake pa Wembley. Mu 1970 fainolo inachitikira ku Poland koyamba, mumzinda wa Wrocław, pakati pa khamu lofuna mwana wa kwawo, ndipo ana a kwawo awiri, Paweł Waloszek ndi Antoni Woryna, anathera pa nambala 2 ndi 3. Pamwamba panali Mauger, kachitatu motsatizana, chinthu chimene panalibe anachitapo. Anthu awiri a ku America anali atalonjeza kuti akachita zimenezi adzaikuta njinga yake ndi golide, ndipo anasunga lonjezo. Njinga ya Jawa imeneyo, yonyezimira mpaka timabawuti, inakasungidwa ku Canterbury Museum kwawo ku Christchurch. Nayo Belle Vue inatenga ligi mu 1970, 1971 ndi 1972, iye ali patsogolo.

Ndiye mungaganize kuti anthu a ku Manchester ankamukonda kwadzaoneni. Achikulire akuti ayi, ankamulemekeza, koma kukonda ndi nkhani ina. Mtima wa anthu a pa Hyde Road unali utapita kale ndi Peter Craven, kamunthu kakafupi kopindika pa njinga ngati mphira, katswiri wa dziko lonse mu 1955 ndi 1962, amene anamwalira mu 1963 atachita ngozi pa mpikisano ku Edinburgh. Kenako unadzapita kwa Peter Collins, mwana wa m'dera lomwelino, amene anayamba kuwala Mauger ali pafupi kuchoka. Collins sankadziwika ndi kunyamuka msanga. Ankatsalira, n'kuyamba kusaka anzake mmodzimmodzi, kuzungulira kunja kufupi ndi mpanda kumene dothi launjikana, kudutsa womaliza pakona yotsiriza anthu ataimirira akukuwa. Malemu mayi a kunyumba kwa achikulire anali a Collins ndi mtima wonse. Akuti ankanena kuti kuonera Mauger kuli ngati kuonera munthu akuwerengera ndalama, sulakwitsa kudziwa mmene zithere.

Ineyo ndinayamba ndili mbali ya mayiwo, ndipo mwina theka la mtima wanga likadali komweko. Munthu umalipira pakhomo kuti uone wina akudutsa mnzake pa liwiro loopsa popanda mabuleki, osati kuti uone mzere wa anthu anayi otsatana. Koma nditaonera mavidiyo ambiri ndinayamba kuona zimene sindinkaona. Kutsogola pakona yoyamba si kutaya kilatchi msanga kokha. Pa mamita ochepa amenewo anthu anayi akulimbirana malo okwana munthu mmodzi, zigongono zikugundana, ndipo amene wafika patsogolo ayenera kusankha m'kuphethira kwa diso kuti atseke mkati kapena amukankhire mnzake kunja. Mauger akatsogola ankayenda mzere umene wam'mbuyo ankaufuna, n'kumamumwaza dothi kumaso. Ndipo pamene wachedwa kunyamuka ankadutsa anthu bwinobwino, kungoti sizinkachitika kawirikawiri moti anthu n'kuzikumbukira.

Palinso nkhani ya ndalama ndi mafupa, imene ochemerera sakonda kuiganizira. Wokwera speedway amalipidwa molingana ndi mapointi amene wapeza. Njinga ndi zake, injini ndi zake, makaniko amamulipira yekha, galimoto yonyamulira ndi yake. Akathyoka mwendo, ndalama yaima tsiku lomwelo. Nthawi ya Mauger kunalibe mipanda ya mpweya imene ili m'makona masiku ano, kunali matabwa, mawaya, kwina zitsulo. Bwalo la Exeter, kumene anasamukira mu 1973, linali lotchuka ndi liwiro komanso mpanda wake wachitsulo. Munthu amene ali patsogolo sagundidwa ndi njinga ya mnzake amene wagwa. Amene amadutsa anzake kufupi ndi mpanda sabata ndi sabata, tsiku lina mpandawo umamupeza. Ngakhale lero, ndi zotetezera zonse, Lee Richardson anamwalira ku Wrocław mu 2012, ndipo Darcy Ward, mnyamata wa ku Australia amene ambiri ankati adzakhala katswiri, analumala pa ngozi ya ku Zielona Góra, Poland, mu 2015. Mauger anali ndi banja kuyambira ali ndi zaka 17. Ndikaganiza zimenezo, kuwerengera ndalama kuja sikundinyansanso.

Anali ndi mbali inanso imene imandidabwitsa. Ali ku Newcastle anatenga mnyamata wa ku Denmark, Ole Olsen, n'kumuphunzitsa ntchito, ndipo Olsen analowa timu yomweyo mu 1967. Mu 1971, Mauger akufuna ukatswiri wachinayi motsatizana, amene anamulanda ku Gothenburg anali Olsen yemweyo. Anadzisulira yekha mkondo. Chaka chotsatira anabweza pa Wembley, atafanana mapointi ndi Bernt Persson wa ku Sweden n'kumugonjetsa pa mpikisano wapadera wa anthu awiri.

Koma vidiyo imene ndaonera kambirimbiri ndi ya tsiku limene analephera. Fainolo ya 1973 inachitikira ku Chorzów, Poland, pa bwalo lalikulu la Silesia, lodzaza mpaka pakamwa. Pamapeto Mauger anafanana mapointi ndi Jerzy Szczakiel, wa ku Poland komweko, munthu amene kunja kwa dziko lake ochepa ankamuwerengera. Mpikisano wapadera, anthu awiri, kuzungulira kanayi. Aliyense ankadziwa mmene zithere. Ndiye poyambira paja, mphunzitsi wa zingwe akuchita zake zija zosunthasuntha, zingwe zinakwera iye asanakhazikike, Szczakiel n'kuuyatsa. Mauger anamuthamangitsa, anamupeza, anayesa kulowera mkati pamene panalibe mpata wokwanira, anagunda n'kugwa. Szczakiel anakhala munthu woyamba wa ku Poland kutenga ukatswiri wa dziko lonse, ndipo dzikolo linadikira mpaka 2010 kuti Tomasz Gollob abwereze. Chimene chimandigwira mtima pa vidiyoyi ndi chakuti Mauger anali ndi nthawi. Akanadikira kona ina. Munthu wosapupuluma uja anapupuluma, kamodzi, pamaso pa khamu lonse. Achikulire amati tsiku limenelo mayi aja anamumvera chisoni koyamba.

Zaka zotsatira zinaoneka ngati dzuwa likupendeka. Anathandiza Exeter kutenga ligi mu 1974, koma ukatswiri wa dziko unapita kwa Anders Michanek, kenako Olsen, kenako Collins mu 1976. Kunabwera injini zatsopano za mavavu anayi, kunabwera anyamata obadwa iye atayamba kale kukwera. Sikuti ankangokhala. Lamlungu ankawolokera ku Germany ndi mayiko oyandikana nawo kukakwera pa mabwalo aatali, mtundu wina wa mpikisano umene anautenganso ukatswiri wa dziko mu 1971, 1972 ndi 1976, ndipo kuno kukazizira ankapita ku Australia ndi New Zealand kumene iye ndi Briggs ankakonza mipikisano yawo. Okwera a lero amene amakwera ku England Lolemba, ku Sweden Lachiwiri, ku Poland Lamlungu, akugona m'galimoto ndi m'mabwalo a ndege, akuyenda m'njira imene anthu ngati iye analambula.

Mu 1977 fainolo inabwerera ku Gothenburg, ndipo kunagwa mvula. Bwalo linasanduka phala. Pa dothi lotero amene ali kumbuyo saona kanthu, matope amamata magalasi pakona yoyamba pomwepo, ndiye usiku umenewo unali wa munthu wodziwa kunyamuka. Collins anakwera ndi mwendo wovulala kwambiri, atachita ngozi masiku ochepa fainolo isanachitike, ankachita kumunyamula kumukweza pa njinga, komabe anathera pa nambala 2. Mauger anapambana ndi pointi imodzi, n'kufanana ndi Ove Fundin wa ku Sweden amene anali ndi zikho zisanu. Achikulire akuti m'nyumba mwawo simunayankhulidwe masiku awiri.

Kenako 1979. Ali ndi zaka 39, mwezi umodzi kuti akwanitse 40, akukwerera timu ya Hull, anabwerera ku Chorzów, bwalo lomwe lija anagwa. Anapeza mapointi 14. Zenon Plech wa ku Poland anakhala wachiwiri, Michael Lee wa ku England, mnyamata wa zaka 20, wachitatu. Chikho chachisanu ndi chimodzi, kuposa wina aliyense kufikira nthawi imeneyo, ndipo panapita zaka 26 kuti Tony Rickardsson wa ku Sweden afanane naye mu 2005. Chaka chomwecho cha 1979 anatsogolera New Zealand kutenga chikho cha matimu a mayiko pa White City ku London. Chimenechi chiyenera kuti chinamukoma mwapadera, chifukwa zikho zitatu za mtunduwu zimene anali nazo kale anazitenga atavala mbendera ya Great Britain, monga ankachitira okwera a ku New Zealand nthawi imeneyo.

Za kumapeto ndidutsa mwachangu. Anapitiriza ku Hull mpaka 1981, anabwereranso pang'ono ku Exeter mu 1984, kenako anapachika nsapato yachitsulo n'kumaphunzitsa achinyamata ndi kukonza mipikisano. Anakakhazikika ku Gold Coast, Australia. M'zaka zake zomaliza anadwala matenda oiwala ndi olanda mawu, munthu amene ankasunga m'mutu giya ya bwalo lililonse la ku Ulaya. Anamwalira pa 16 April 2018 ali ndi zaka 78.

Achikulire anandiuza kuti atamva za imfayo anatsitsa chitini chija n'kuwerenga mapologalamu a 1969 mpaka 1972 usiku wonse. Anandionetsa imodzi. Pa dzina la Mauger pali manambala olembedwa ndi inki yabuluu yofwifwa, 3, 3, 3, 3, ndipo m'mphepete muli kalembedwe kena, kopendekera, ka mayi aja, mawu amodzi okha amene tingawamasulire kuti "kachiwirinso". Ndinafunsa ngati kumeneko kunali kuyamikira kapena kudandaula. Anati kwa zaka zonse zimene anakhala nawo sanawafunsepo.

Tsopano ndimapita nawo Lolemba lililonse limene shifiti yandilola. Mawondo awo sakufunanso masitepe, ndiye timakhala m'munsi, moyang'anana ndi poyambira, pamene dothi limatha kukufika m'kapu ya tiyi. Maso awonso ayamba kuvuta, choncho ntchito yolemba m'kabuku anandipatsa ine, pamodzi ndi cholembera cha kachingwe chija. Sabata yatha, pa mpikisano wachisanu ndi chiwiri, mnyamata wa chisoti chachikasu anachedwa kubwera pa zingwe. Anzake atatu atandanda kale, iye anatsika, anapalasa dothi, anakwera, anabwerera m'mbuyo, anakonza magalasi. Anthu anayamba kumukuwiza. Achikulire anandigwira pamkono n'kuloza kabuku.

"Lemberatu 3 pa wachikasuyo."

Ndinati, "Dikirani kaye bambo, zingwe sizinakwere."

Sindinalembe. Mnyamatayo ananyamuka bwino ndithu, anatsogola mpaka kuzungulira kachitatu, kenako injini inatsamwa potuluka pakona, anaima pakati pa bwalo akumenya thanki ndi chibakera, anzake atatu n'kumudutsa. Ndinawayang'ana achikulire. Iwo anali akupukuta magalasi awo ndi mpango, osatekeseka.

"Uja akanaiyang'ana kawiri injiniyo asanachoke kunyumba," anatero. "Lemba kuti sanamalize. Tsegula tsamba linalo."